ZA AMUNA A MPIRA AMENE ANAKALAMBA OSANYAMULA CIKHO

Awerengi athu atikhululukire kuti mwezi uno tilemba za mpira wa miyendo, cinthu cimene akuru ambiri aciyesa cibwana ca anyamata. Ifenso tinaciyesa cotero zaka zambiri. Koma liripo tsiku lina limene tinaseka munthu wosayenera kusekedwa, ndipo mwana anatifunsa funso limene tinalephera kuyankha. Ndipo popeza mangawa a mau saola, tifuna kubweza yankho lija pano, cinkana tacedwa nalo.

Linali tsiku Lamulungu, pa 27 April 2014. Titaweruka ku mapemphero ndi kudya nsima ya masana, adzukulu athu awiri anatiumiriza kuti tinke nao kumsika, ku nyumba ija ya malata kumene aonetsa mpira wa ku England pa kanema, munthu atalipira pakhomo. Munali modzaza, ndi motentha ngati m'ng'anjo. Tsiku limenelo timu ya Liverpool inakomana ndi ya Chelsea pa bwalo la Anfield. Anyamata anatifotokozera kuti a Liverpool sanakhalepo akatswiri a dziko lao ciyambire 1990, koma kuti caka cimeneco anali atapambana masewera 11 otsatana, ndipo ukatswiri unali ngati mbamu ya nsima iri kale m'manja. Mtsogoleri wao, Steven Gerrard, mwana wa komweko, anali atatumikira timuyo kuyambira 1998. Cikho ca Ulaya anacinyamula mu 2005, ndi zikho zina zazing'ono. Koma ukatswiri wa kwao unali kumzemba caka ndi caka.

Nthawi yopumula iri pafupi, mnzace anampatsira mpira wosabvuta, wonga umene iye anaulandira kosawerengeka m'moyo wace. Mpirawo unampitirira kunsi kwa phazi. Ndipo pakutembenuka kuti autsate, anaterereka nagwa, ndipo Demba Ba wa ku Senegal anautola, nathamanga nao yekha, namwetsa cigoli. Nyumba yonse inaphulika ndi phwete, ndipo ifenso tinaseka kufikira misozi, pakuti kugwa kwa munthu wamkuru kuseketsa. A Liverpool anagonja 2-0. Ndipo pakutha pa caka a Manchester City anakhala akatswiri ndi mapointi 86, a Liverpool natsala ndi 84. Gerrard anacoka pa timuyo mu 2015, ataisewerera masewera 710, cimene anacifuna koposa osacipeza.

Pobwerera kumudzi madzulo aja, wamkuru wa adzukulu aja anali kuyerekeza kugwa kuja m'njira monse. Koma wamng'ono, amene anali cete, anatigwira dzanja nati, "Agogo, nanga munthu akasewera zaka zonsezo osatenga ligi, ndiye kuti wangotaya nthawi?" Ife tinati, "Fulumira, kwada." Tinatero cifukwa tinalibe yankho, ndiponso cifukwa funso la mwanayo linatilasa pamene iye sanalinge, pakuti ifenso tagwira nchito zaka zambiri, ndipo palibe cimene tingaike pa gome ndi kunena, Taonani, ici ndinapambana. Kuyambira pamenepo tinayamba kufunsa ndi kuwerenga za amuna otere, ndipo tinapeza kuti ali ambiri, ndi kuti ena a iwo ndiwo okondedwa koposa m'midzi mwao.

Tiyambe tafotokozera amene satsata mpira. Ligi ndiwo mpikisano wa caka conse, m'mene timu iri yonse ikomana ndi inzace iri yonse kawiri, kamodzi kwao ndi kamodzi kwa eni. Opambana alandira mapointi, ndipo amene acurukitsa mapointi pomariza ndiwo akatswiri a dziko. Ulinso mpikisano wina, wa cikho ca ndagwa-ndaturuka, m'mene wogonja kamodzi abwerera kwao. Tsono taonani: matimu ali 20, kale anali 22, koma mpando uli umodzi. Cotero caka ciri conse amuna mazanamazana agwira nchito yao mokhulupirika, nabwerera manja ali m'khosi. Ndipo alipo amene atero zaka zao zonse.

Masabata khumi asanaterereke Gerrard, m'mudzi wa Preston, umene suli kutari ndi Liverpool, munagwa maliro a nkhalamba ya zaka 91, dzina lace Tom Finney. Pa tsiku loika, anthu zikwi zambiri anandanda m'miseu ya mudziwo kuti amperekeze. Mlendo akadafunsa kuti, Kodi mkuruyu ananyamula zikho zingati? akadamva kuti ukatswiri wa England sanautenge, cikho cacikuru ca England sanacitenge, ndi ca dziko lonse lapansi sanacitenge. Nanga anthu onsewo anadzalira ciani?

Finney anabadwira ku Preston mu 1922, pafupi ndi bwalo la mpira lochedwa Deepdale, m'mudzi wa mafakitale oomba nsaru za thonje. Amace anamwalira iye ali ndi zaka zinai. Pamene eni timu ya Preston North End anaona luso lace ali mnyamata, atate wace anaumirira kuti ayambe watsiriza kuphunzira nchito ya manja, ndiyo ya upulambala, yolumikiza mipope ya madzi. Ndipo nchito imeneyo sanaitaye moyo wace wonse. Atangoyamba mpira wa malipiro mu 1940, nkhondo yaikuru inali itaimitsa kale ligi. Mu 1941 anathandiza Preston kupambana cikho ca nthawi ya nkhondo, cimene olemba mbiri saciwerengera pamodzi ndi zikho zenizeni. Ndipo mu 1942 anaitanidwa ku usilikari, nanka ku Egypt, pambuyo pace nayendetsa akasinja ku Italy. Cotero masewera ace oyamba a mu ligi anawasewera mu August 1946, ali ndi zaka 24, nkhondo itadya kale zaka zace zaunyamata.

Za luso lace sipakhala mtsutso. Anasewera kumbali ya kumanja, ndi ya kumanzere, ndi pakati kutsogolo, monse mofanana. Anasewerera Preston masewera 433 a mu ligi namwetsa zigoli 187. Anasewerera dziko la England masewera 76 namwetsa zigoli 30. Olemba nkhani za mpira anamsankha kukhala wosewera woposa onse m'dzikomo kawiri, mu 1954 ndi mu 1957. Ndipo cinkana adani ace anamchera miyendo masabata onse, m'zaka zonsezo woimbira mpira sanamlembe m'buku ngakhale kamodzi, kapena kumturutsa m'bwalo.

Koma timu yace inali yosauka amuna onga iye. Mu 1949 inatsika kunka m'gawo laciwiri. Iye sanaithawe, ndipo mu 1951 anaikwezanso, atatsogola m'gawo limenelo. Ndiwo ulemu wokha wolembedwa umene anaupeza ndi timu yace, ulemu wa kuturuka m'dzenje limene anagweramo okha.

Mu 1952 timu ya England inapita ku Italy, ndipo mkuru wa timu ya Palermo anadza kwa Finney namlonjeza £10,000 pa kungolemba dzina, pamodzi ndi malipiro ocuruka, nyumba ndi galimoto. Nthawi imeneyo iye anali kulandira £14 pa sabata, pakuti lamulo la mpira ku England linaika malire a malipiro, kuti ngakhale woposa onse asapitirire pamenepo. Ndiponso lamulo lomwelo linamanga wosewera ngati mbuzi pa cikhomo: sakadakhoza kucoka popanda cilolezo ca eni timu, ngakhale pangano lace litatha. Finney anabwera nayo nkhaniyo kwa akuru a Preston, ndipo iwo anakana ndithu. Tisanamize awerengi kuti anakhala cifukwa ca cikondi cokha; anafuna kuganizira za ana ace monga acita bambo ali yense, koma khomo analitseka ena. Cimene tingamtamande naco ndi ici, kuti atakanizidwa sanagwire nchito monyinyirika, monga ticita ambiri a ife akatimana cathu. Pakuti zaka zace zabwino koposa zinadza pambuyo pa kukanizidwako.

Caka cotsatira ukatswiri unafika pakhomo peni peni. A Preston anatsiriza masewera ao onse ali ndi mapointi 54, ali pamwamba. Koma a Arsenal, okhala ndi 52, anali ndi masewera amodzi otsala, okomana ndi Burnley ku London pa 1 May 1953. Masiku amenewo kupambana kunapatsa mapointi awiri, ndi kulepherana imodzi. Cotero a Burnley akadangolepherana nao, Finney akadakhala katswiri. A Arsenal anapambana 3-2, nafika pa 54 iwonso. Pamenepo anatenga masamu: anagawa zigoli zimene timu inamwetsa ndi zimene inamwa. A Arsenal anamwetsa 97 namwa 64; a Preston anamwetsa 85 namwa 60; ndipo kusiyana kwace sikunakwane ngakhale limodzi la magawo khumi a cigoli cimodzi. Awerengi alingalire bwino apa. Mlandu wa Finney unaweruzidwa pa bwalo limene iye sanapondepo tsiku lija, ndi miyendo ya amuna ena 22. Wa Burnley mmodzi akadamwetsa cigoli cimodzi cokha coonjezera, mabuku onse akadamlemba Finney katswiri. Kodi cigoli ca mlendo cimeneco cikadaonjezera ciani pa luso lace, kapena pa khalidwe lace?

Pa tsiku lomwelo caka cinzace, 1 May 1954, anatsogolera Preston pa bwalo la Wembley m'masewera otsiriza a cikho ca England, pokomana ndi West Bromwich Albion. A Preston anatsogola 2-1, koma anzao anabweza, ndipo mphindi zowerengeka zitatsala anamwetsa cacitatu. Apa sitinganene kuti anamlakwira ena. Iye mwini anabvomera kuti tsiku limenelo miyendo inamlemera, ndi kuti sanasewere monga anazolowera, ndipo cinthuco cinamuwawa kufikira ukalamba. Mu 1958 anakhalanso aciwiri mu ligi, pambuyo pa Wolverhampton Wanderers. Mu April 1960, thupi litatopa ndi kubvulala, anapacika nsapato, nabwerera ku mipope yace. Miyezi yowerengeka pambuyo pace, mu 1961, malire a malipiro aja anacotsedwa. Ndipo mu 1963 bwalo la milandu linamasula cingwe cija comanga osewera. Mvula inagwa iye atakolola kale.

Koma akuru anati citsime cidziwika kuya cikaphwa. Caka coyamba cimene a Preston anasewera opanda Finney, anatsika m'gawo loyamba, mu 1961. Ndipo zinapita zaka zoposa 60 osabwereramo. Pamenepo ndi pamene anthu a mudziwo anaona cimene munthu mmodzi anawasenzera. Iye anakhalabe pakati pao, akulowa m'nyumba zao kukonza mipope, munthu amene maiko anamdziwa. Ndipo mkazi wace atagwidwa ndi nthenda yoiwalitsa ya ukalamba, anamdwazika yekha zaka zambiri. Mu 1998 analandira ulemu wa kuchedwa Sir. Mu 2004 anamuimikira cifanizo pa Deepdale, cosema monga mwa cithunzi cojambulidwa mu 1956, pamene anali kulimbana ndi mpira pa bwalo lodzala madzi a mvula, madzi akuthovoka mbali zonse. Tiyesa kuti anasankha bwino: sanamuonetse atanyamula kanthu m'mwamba, koma ali pa nchito, pa tsiku loipa, atatsala pang'ono kugwa.

Si onse amene anamanidwa m'njira imodzi. Jimmy Armfield anasewerera timu imodzi yokha, ya Blackpool, kuyambira 1954 kufikira 1971, masewera 569 a mu ligi, ndipo pamene anafika pamwamba koposa ndi pa malo aciwiri mu 1956. Anasewerera England masewera 43, nakhala mtsogoleri wace pa 15 a iwo. Koma anabvulala mu 1964, wina nalowa m'malo mwace, nakhazikika. Pamene England inanyamula cikho ca dziko lonse mu 1966, Armfield anali mmodzi wa amuna 22 osankhidwa, koma sanaponde m'bwalo. Ndipo popeza masiku amenewo mendulo anapatsa okhawo 11 osewera tsiku lotsiriza, iye anabwera cimanjamanja. Mendulo yace anailandira mu 2009, zitapita zaka 43, imvi ziri mbuu. M'zaka za pakatizo anali kufotokoza mpira pa wailesi, ndi kuliza limba m'nyumba ya mapemphero ya kwao ku Blackpool. Ndipo anamwalira mu 2018.

Wina anacita kusankha yekha, khomo liri cotsegula. Antonio Di Natale, wobadwira ku Napoli, anasewerera timu yaing'ono ya Udinese ku Italy kuyambira 2004 kufikira 2016. Anaposa onse m'dzikomo pa kumwetsa zigoli zaka ziwiri zotsatana, 29 mu 2010 ndi 28 mu 2011. Mu 2010 a Juventus, timu yolemera ndi yozolowera ukatswiri, anamfuna. Koma iye anakana, pakuti banja lace linali litazika mizu ku Udine. A Juventus anakhala akatswiri zaka zisanu ndi zinai zotsatana kuyambira 2012. Iye anatsiriza ndi zigoli 209 mu ligi yaikuru, wopanda cikho ciri conse. Ndipo mu April 2012, pamene mnzace Piermario Morosini anagwa namwalira pa bwalo ali ndi zaka 25, nasiya mlongo wace wolumala wopanda atate, kapena amai, kapena mbale, Di Natale ndiye anaimirira nalonjeza kuti adzamsamala.

Tidziwa kuti wina adzati, Awa ndi mau otonthoza nao olephera. Iai, abale, sitinena kuti cikho ciri cabe. Mpira umene osewera ace safuna kupambana suyenera kuupenyerera, ndipo amuna onse tawachulawa anacifuna ndi mtima wonse, nalira pocisowa. Tikadati sicinawapweteke, tikadawacepsa. Cimene tinena ndi cakuti cikho ciyesa zinthu zambiri pamodzi: ciyesa cuma ca eni timu, ndi luso la anzako khumi, ndi malamulo a nthawi yako, ndi kulimba kwa minofu yako pa mwezi woyenera, ndi kuterera kwa udzu pansi pa phazi limodzi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo denga likagwa, si cilungamo kufunsa mutu umodzi. M'malamulo a ligi ya England a masiku ano, munthu amene walowa m'bwalo kasanu kokha pa caka alandira mendulo timu yace ikapambana. Tsono alipo ambiri okhala ndi mendulo m'bokosi amene maina ao aiwalika kale. Ndipo alipo Finney, wa masewera 433, amene alibe. Muyeso umene uturutsa zotere uli ndi nchito yace, koma suyenera kuyesera munthu.

Cinthu cina cimene tinaciona pakuwerenga mbiri zimenezi ndi ici, kuti cikho cipambanidwa pa tsiku limodzi, koma anthu a mudzi apita ku bwalo masabata onse. Woomba nsaru wa ku Preston, amene anagwira nchito masiku asanu ndi theka m'phokoso ndi pfumbi la thonje, analipira kandalama kace Loweruka masana kuti aone cinthu cocitidwa bwino. Ndipo kwa zaka 14 anaciona, pa dzuwa ndi pa matope, timu ikukwera ndi timu ikutsika. Zimenezo sizilembedwa pa cikho ciri conse, koma ndizo anazikumbukira ana ndi adzukulu a anthu aja pamene anandanda m'miseu mu February 2014.

Za kuseka kwathu kuja ticita nako manyazi. Munthu anatumikira mudzi wace zaka 17, ndipo ife, amene sitinathamangepo ndi mpira pamaso pa anthu zikwi makumi anai, tinamuyesa ndi kuterereka kumodzi. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ndipo sitifuna kuti amene adzatiperekeza ife adzakumbukire tsiku limodzi lija tinagwa, ndi kuiwala masiku onse tinaimirira. A Liverpool anadzakhala akatswiri mu 2020, Gerrard atacoka kale zaka zisanu. Ndipo sitikhulupira kuti anyamata amene ananyamula cikho cimeneco anali amuna oposa iye.

Mdzukulu uja tsopano wakula, ali pa nchito kutauni, ndipo kapena funso lace analiiwala. Koma tidzamtumizira tsamba lino. Yankho lathu ndi ili, mwana wathu: iai, sanataye nthawi. Anataya cikho, ndipo kutayako kunali kowawa ndithu. Koma ukafuna kudziwa za munthu amene wagwira nchito imodzi zaka zambiri, usayambe ndi kufunsa cimene ananyamula. Funsa amene anagwira naye nchito, ndi amene anakhala naye mudzi umodzi, ndipo upenye cimene cinacitika pamalopo iye atacoka. Ndipo tsiku lina ukadzamva anzako akuseka nkhalamba imene iribe kanthu koonetsa, udzayambe wafunsa zimenezo usanaseke nao, monga tinalephera kucita ife agogo ako.